Dzina la Mwini Pansi pa Chithunzi

Milepa,
Loweruka masana.

Mwana wanga Felista,

Ndikulemba ndili pakhonde. Amayi ako ali kuseri akukazinga mtedza wa paulendo, ndipo iwe wapita kukatsanzika kwa azakhali ako. Mawa m'mawa kabaza adzakutenga pakhomo pano, ndipo Lolemba udzaima pamaso pa mphunzitsi wamkulu wa sekondale imene akutumiza ku Dedza, uli mphunzitsi wa zaulimi. Ndikadatha kukuuza zonsezi pakamwa, koma ndimakudziwa: umayankha kuti “Ndamva, bambo” ine ndisanafike pakati pa chiganizo. Kalata sungaidule mawu. Uiwerenge yonse, ndipo uimalize usanatsike basi.

Za khalidwe, za mapemphero ndi za anyamata a m'tauni amayi ako akuuza kale, ndipo anena bwino kuposa mmene ine ndikadanenera. Nkhani yanga ndi imodzi yokha: kabuku ka zaulimi kamene wakonzera ana a Fomu 1, kamene unandionetsa pa laputopu yako Lachinayi. Unati mphunzitsi wamkuluyo akukayembekezera Lolemba, kuti akasindikize ndi kukaika patsamba la sukulu pa intaneti, masukulu ena atengeko. Mawu ake ndi osalala, ndondomeko yake ndi ya munthu amene anaphunzitsidwa bwino, ndipo sindinapezemo chiganizo chopunduka. Koma zithunzi zake zambiri si zako, ndipo eni ake sanakupatse. Zina zili ndi zilembo zotuwa zopingasa pakati, chidindo cha mwini, chimene iwe wachiyesa fumbi la pagalasi. China, cha nkhuku zoikira mazira, unachidula kumunsi kumene kunali dzina la wojambula, koma mitu ya zilembo inatsalira ndipo maso anga, ngakhale akalamba, anaiona.

Ukumbukira kuti ndinakufunsa kumene unazitenga.

“Pa intaneti, bambo,” unatero.

“Kwa yani?”

“Aa, bambo inu! Pa intaneti palibe kwa yani. Mumangodina basi.”

Amayi ako anaseka ali pamkeka, nati, “Musiyeni mwana, ahedi. Belu lanu linalira kalekale, pumani.”

Sindinafune kukudzudzula pamaso pa amayi ako. Tsopano ndikuyankha. Mango a kwa oyandikana nawo nyumba amalendewera pamsewu, aliyense wodutsa akhoza kuwafikira, koma mtengowo unabzalidwa ndi munthu ndipo munthuyo ali ndi dzina. Chithunzi chilichonse chinajambulidwa ndi munthu amene anagwada m'matope kapena kudikira dzuwa kuti chituluke bwino. Pamene ukuonetsa ana ako chithunzi m'kalasi, malamulo amakupatsa kampata pang'ono. Koma ukachisindikiza m'kabuku n'kuchiika pa intaneti, watuluka m'kalasi, waima pamsika. Kabukuko kadzakhala ndi dzina lako pachikuto, limenenso ndi dzina la nyumba ino. Kasaperekedwe mmene kalilimu, Felista. Sindikulankhula monga munthu wopanda banga. Ndikulankhula monga munthu amene anagwa m'maenje onse a njira imeneyi, ndipo ndikudziwa pamene lililonse lili.

Ndili mphunzitsi wachinyamata pasukulu ina kufupi ndi Njuli, ndinkadula zithunzi m'magazini akale amene ansembe ankataya. Tsiku lina ndinapeza chithunzi cha mbozi yonenepa, yobiriwira, yamawanga okongola. Ndinachimata pakatoni ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kulemba pansi pake ndi zilembo zazikulu kuti KAPUCHI. Ndinaphunzitsa nacho milungu iwiri, ndikuyenda monyada. Ndiye m'mawa wina kunabwera bambo wachikulire, kholo la mwana wa m'kalasimo, atanyamula phesi la chimanga. Anagogoda, navula chipewa, nang'amba phesilo pamaso pa ana onse. Mkati munali kambozi kotuwa, konyansa. “Aphunzitsi, pepani kukusokonezani,” anatero. “Mwana wanga akukana kuti uyu ndi kapuchi. Akuti kapuchi weniweni ndi wonenepa, wovala bwino, ali kusukulu. Ndiye ndati ndibwere naye wa kumunda kwathuyu, wosaphunzirayu, adzaonane ndi mnzake.” Ana anaseka mpaka mphunzitsi wa kalasi loyandikana anabwera kudzasuzumira. Mbozi yangayo inali ya gulugufe wa kudziko lina, yosadziwa ngakhale fungo la chimanga.

Choncho funso loyamba pa chithunzi chilichonse ndi ili: kodi chikunena zoona? Pa intaneti pali anthu ambiri onga ine wa masiku amenewo, olemba KAPUCHI pansi pa gulugufe. Pofufuza chithunzi cha kachilombo kapena chomera, usalembe dzina lachingerezi lokha, chifukwa dzina limodzi limavala zinthu zambiri. Lemba dzina lachilatini. Kapuchi wathu ndi Busseola fusca, ndipo ukalemba choncho adzabwera yekha, osati asuweni ake. Chilatini chimene ndinaphunzira kuseminale, chimene iwe ndi achimwene ako mumati ndi chilankhulo cha akufa, ndicho chimatsegula zitseko za nyumba zosungira mabuku ndi zinthu zakale, zimene zinaika zithunzi zawo poyera kuti aphunzitsi atenge. M'menemo muli zojambula za akatswiri a zomera, zolondola mpaka ku mitsempha ya tsamba. Ukapeza, yerekeza ndi chenicheni cha kumunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nditapuma ntchito, a komiti ya tchalitchi anandipempha kukonza kabuku ka ana a katekisimu. Inali nthawi imene achimwene ako anali atangondigulira foni yaikulu, ndipo ndinkadziona ngati ndalowa m'nkhokwe yopanda chitseko. Ndinapeza chithunzi cha mbusa ndi nkhosa zake, chooneka chakale kwambiri, mitundu yake yozilala. Ndinati mumtima, wojambula ameneyu anaikidwa m'manda agogo anga asanawoloke kuchokera ku Mozambiki. Ndinachiika pachikuto, ndipo mlembi wa parishi anaika kabukuko pa intaneti. Patapita miyezi ingapo bambo mfumu analandira kalata yochokera kunja. Wojambulayo anali mayi wamoyo, wodya ndi kumwa monga ife, amene amangokonda kujambula mwa kachitidwe kakale. Kalata yake inali yaulemu, ndipo ulemuwo ndiwo unandipweteka koposa. Anati akadapemphedwa akadalola, koma popeza sanapemphedwe ndipo dzina lake silinalembedwe, chithunzicho chichotsedwe. Bambo mfumu anaiwerenga pamaso pa komiti yonse. Mkulu wina amene ndinamuphunzitsa ali mwana anakweza mkono, nati, “Kodi si ahedi omwewa amene anandikwapula chifukwa chokopera masamu a mnzanga?” Tinang'amba zikuto zonse.

Manyazi amenewo ndiwo anandiphunzitsa zimene ndikukuuza tsopano, ndipo ndinaziphunzira monga ndinaphunzirira galamala, mzere ndi mzere. Mvetsera bwino.

Pali zithunzi zimene zinasanduka za anthu onse. Zina zinatero chifukwa mwini wake anamwalira ndipo padutsa zaka zimene malamulo amatchula; chiwerengero cha zakazo chimasiyana dziko ndi dziko, choncho usachiyerekeze ndi maso monga ndinachitira ine. Zina mwini wake anazimasula yekha ali moyo, ndipo kawirikawiri pambali pake pamalembedwa CC0. Zimenezi ukhoza kutenga, kudula, kukulitsa, kulembapo mayina a ziwalo, popanda kupempha munthu. Ngakhale zili choncho, ulembe kumene wazitenga. Lamulo silikukakamiza, koma ulemu ukukukakamiza, ndipo mphunzitsi wina adzafuna kutsatira mapazi ako.

Palinso zithunzi zimene mwini wake akadali nazo, koma anapereka chilolezo kwa aliyense pasadakhale, ndi mfundo zake. Uzizindikira ndi zilembo ziwiri, CC, zotsatiridwa ndi zina. Pamene palembedwa BY, akuti tenga, koma tchula dzina langa. Pamene pali NC, akuti usachite nacho malonda. Ndiye ngati ukudziwa kuti sukulu idzagulitsa kabukuko kwa makolo, chimenecho chisiye, usadzivutitse ndi mikangano. Pamene pali ND, akuti usachisinthe, ndipo iwe amene umakonda kudula zithunzi usamale pamenepa. Pamene pali SA, akuti chimene wapanga pochisintha uchigawenso kwa ena mwa chilolezo chomwecho. Zilembozi ndi zochepa kuposa mayina a mbuzi za amayi ako. Munthu wa digiri asandiuze kuti ndi zovuta.

Pamalo pamene umalemba mawu ofufuzira zithunzi pali kabatani kosankhira zachilolezo zokha. Kagwiritse ntchito, koma usakakhulupirire kotheratu, chifukwa makina sachita manyazi akalakwitsa. Dina chithunzicho, upite patsamba pamene chinachokera, uwerenge ndi maso ako chimene mwini wake analemba. Ngati sanalembe kanthu, usati walola. Kukhala chete kwa mwini si chilolezo. Ngati chithunzicho ukuchifunitsitsa, mulembere. Ambiri amayankha mokondwa akamva kuti ndi za ana a sukulu. Safunsa anadya phula. Ndipo usunge kope limodzi lolembamo chithunzi chilichonse: dzina lake, dzina la wojambula, tsamba limene wachipeza, ndi mtundu wa chilolezo. Zomwezo uzilembe pansi pa chithunzi m'kabuku, ndi zilembo zazing'ono koma zowerengeka. Uchite tsiku lomwelo. Ukati udzalemba mawa, sudzakumbukiranso kumene unachitenga.

Cholakwa china chimene ndikuuze sindinawauzepo ngakhale achimwene ako. Ndikuphunzitsa za zakudya zamagulu ndi matenda a kusowa kwake, mnzanga wina amene ankayenda m'midzi ndi kamera anandibwereka chithunzi cha mayi wa chotupa chachikulu chapakhosi, chithokomiro. Mnzangayo anandilola ndi mtima wonse, ndipo ine ndinaganiza kuti chilolezo chakwanira. Ndinachikweza m'mwamba pamaso pa Sitandade 7, ndikuloza chotupacho ndi ndodo. Kumbuyo kunamveka kunong'ona, kenaka mnyamata wina anafuula kuti, “Amenewo ndi amayi ake a Rozina!” Rozina anali mtsikana wa pabenchi yachiwiri, wakhama pa masamu. Sanalire. Anasonkhanitsa makope ake pang'onopang'ono, natuluka. Ndinapita kwawo kawiri kukapepesa, amayi ake anandilandira ndi mpando, koma mtsikanayo sanabwererenso m'kalasi langa.

Ndakuuza zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti, ukachotsa zithunzi za eni, udzafuna kujambula zako ndi foni. Uchite zimenezo, ndipo ndikukulimbikitsa. Nandolo wa m'munda mwa amayi ako amaposa nandolo aliyense wa pa intaneti, ndipo mwana wa ku Dedza adzazindikira msanga khola la nkhuku la kwathu kuno kuposa la kwa azungu. Chimene wajambula wekha ndi chako, palibe adzakulembere kalata. Koma pamene m'chithunzi muli nkhope ya munthu, eni ake ndi awiri: wojambula ndi wojambulidwa. Pempha, ufotokoze kumene chithunzicho chidzapite. Ngati ndi mwana, pempha makolo. Ngati ndi wodwala kapena wosauka, lingalira kawiri, ndipo kawirikawiri usiye. Mbewu ndi ziweto sizichita manyazi; jambula zimenezo.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira chiyambire kalatayi. Patsamba lomaliza la kabuku kako waika chithunzi cha chifu cha ng'ombe ndi zigawo zake zinayi, chija chili m'felemu pabalaza pathu. Unachijambula ndi foni, ndipo pansi pake unalemba kuti ndi chojambula cha bambo ako, a B. Muliya. Ukuganiza kuti m'kabuku monsemo chimenecho ndicho chopanda mlandu. Mwana wanga, chimenecho ndicho chakuba kuposa zonse.

Anachijambula ndi a Sitefano Namaona, mphunzitsi mnzanga pasukulu ina cha ku Mikolongwe, iwe usanabadwe. Anakhala masiku atatu pamalo ophera ng'ombe, akutembenuza zam'mimba ndi manja awo, kuti ajambule cholondola. Titamva kuti kukubwera woyendera masukulu, ndinabwereka chojambulacho kwa iwo. Ndinachiika pawindo, n'kusanjikapo pepala lopyapyala, n'kutsatira mzere uliwonse ndi pensulo. Chawo ndinabweza, changa ndinachipaka mitundu, ndipo pakona ndinalemba dzina langa. Woyenderayo anaima patsogolo pake nthawi yaitali, nafunsa kuti, “Anajambula ndani?” Ine ndinati, “Ndine, bwana.” A Namaona anali pakhomo la kalasi, atanyamula choko, ndipo anamva. Lipoti la ulendo umenewo linanditamanda, ndipo linali limodzi mwa masitepe amene ndinakwerapo kufika pa uhedi. Iwo anapuma ntchito ali mphunzitsi wamba. Sananditchulire nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndinayesa kukhala chete kwawoko ngati chilolezo.

Dzulo amayi ako anakuuza kuti ndapita kukaona wodwala. Ndinapita kwa a Namaona. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, maso awo achita khungu, koma anandizindikira ndi mawu.

“Ahedi! Mwasochera kapena mwabwera kudzayendera sukulu?”

Ndinakana mpando, ndinalankhula nditaima. Ndinanena zonse, za windo, za pensulo, za dzina pakona, ndi za iwe amene ukufuna kusindikiza bodza langa osadziwa. Anamvetsera akusisita ndodo yawo. Nditamaliza anati, “Mwachedwa, achimwene. Mwana wochedwa chonchi inu munkamugwiritsa chibalo.”

“Ndi chifukwa chake ndaima,” ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. “Khalani pansi, mungagwe, ine sindingakudzutseni. Mtsikanayo atenge. Aliyense wofuna atenge, asindikize, asinthe mmene afunira, bola alembe kuti Namaona. Ana anga aone kuti bambo awo anagwirapo kanthu.” Ndinawapempha kuti mawu amenewo alembedwe, mwana wawo wamkazi analemba, iwo anasayina, ndipo pepalalo ndaliika m'envulopu muno. Ndikunyamuka anandigwira mkono. “Koma ahedi, muvi uja munaukonza?”

“Muvi uti?”

“Wosonyeza njira ya chakudya pobwerera kukamwa, ng'ombe ikamabzikula. Ndinauyambitsa pa chigawo cholakwika. Ndinazindikira sabata yomweyo n'kukonza pa changa. Inu munakopera ndi cholakwa chomwe.”

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, Felista, ndinaloza muvi umenewo ndi ndodo, molimba mtima, pamaso pa ana osawerengeka. Ndikadawapempha poyera, akadandiuza sabata yomweyo. Wakuba salandira chikonzero, chifukwa sangabwerere kwa mwini kukafunsa.

Choncho uchite izi. Zithunzi za zidindo uzichotse zonse, ndi cha nkhuku chija. Ufufuze zina mwa njira imene ndakuonetsa, kapena ujambule zako. Pa chifu cha ng'ombe ukonze muviwo: uyambire pa chigawo chachiwiri, chija chooneka ngati zisa za njuchi, osati chachitatu, ndipo utsimikize m'buku lako la kukoleji. Dzina langa ufufute, ulembe la a Sitefano Namaona, ndi mawu akuti analola. Felemu ya pabalaza ndiitsitsa ndekha.

Ndikudziwa kuti ntchito imeneyi singathe pofika Lolemba, ndipo ndikudziwa kuti mphunzitsi watsopano safuna kuyamba ndi kupempha nthawi. Upemphe ndithu. Umaikhoza ntchito yako, ndinaiona ndi maso anga, ndipo kabuku kochedwa sabata imodzi kadzakhala kako konse. Uime chilili, uyang'ane mphunzitsi wamkuluyo m'maso, umuuze kuti kabuku kabwera Lolemba linalo. Akakufunsa chifukwa chake, umuuze zoona zonse, ndipo pofika pa chifu cha ng'ombe usandibise.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo wako,
B. Muliya